Abwana atuluka, mubwere mawa: chifukwa chake ntchito imaima mkulu akachokapo

Aliyense amene anayendapo m'maofesi a kuno ku Kasungu kukafuna kalata, chidindo kapena katundu wa m'nyumba yosungiramo zinthu amawadziwa mawu akuti "abwana atuluka, mubwere mawa." Kawirikawiri si kuti abwanawo ajomba. Amakhala apita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kumsonkhano umene sakanaukana, mwinanso ali kumaliro kumudzi. Koma makiyi a kabati ali m'thumba mwawo, chidindo chili m'dilowa yokhoma, ndipo nambala yachinsinsi yotsegulira kompyuta amaidziwa okha. Pa ofesi patsala anthu odziwa ntchito, ena a madipuloma awo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wothandiza mayi amene walipira minibasi kuchokera ku Santhe kapena ku Chamama. Mayiyo abwerera, mawa adzalipiranso.

Zimenezi sizichitika m'boma mokha. Zili m'makoperative, m'sukulu, m'maesiteti a fodya, m'mashopu akuluakulu a pa tauni, ngakhale m'mipingo. Ophunzitsa za utsogoleri amazikamba pafupifupi pa maphunziro aliwonse, anthu n'kumagwedeza mitu kuvomereza, koma Lolemba likafika makiyi aja amakhala akadali m'thumba lomwelo. Mmene ine ndimaonera, atsogoleri athu ambiri sakana kupatsa anzawo ntchito. Ntchito amapereka, mwinanso mopitirira muyeso. Chimene amaumira ndi mphamvu yoti wopatsidwayo aimalize yekha.

Kugawira munthu ntchito kuli ndi mbali zitatu. Pali ntchito yeniyeniyo. Pali mphamvu yoichitira, monga kugamula, kusaina, kutulutsa ndalama kapena katundu, ndi kukana pamene pakufunika kukana. Ndiyeno pali kuyankha mlandu zinthu zikapanda kuyenda. Henri Fayol, injiniya wa ku France amene anatsogolera kampani ya migodi kwa zaka zambiri, analemba mu 1916 kuti mphamvu ndi udindo ziyenera kuyendera limodzi. Mfundoyi ndi yakale ndipo ndi yosavuta kumva, koma ndi pomwepo pamene ambiri timaphonya.

Tiyerekeze koperative ya alimi a soya ndi mtedza, mwezi wa Meyi, nthawi yogula mbewu. Manijala akuuza kalaliki kuti, "Iwe, mawa upite ku Nkhamenya ukagule soya." Mnyamata uja wafika, wapeza mavenda akweza mtengo pang'ono kuposa umene anamva ku ofesi. Malire sanauzidwe, ndiye ayimba foni. Foni ya abwana yazima. Mlimi wadikira, watopa, wagulitsa kwa venda amene wapachika sikelo yake pa mtengo chapafupi pomwepo. Madzulo kalaliki wabwerera ndi ndalama zonse ndi matumba opanda kanthu, abwana n'kuyamba kudandaula kuti ana a masiku ano saganiza. Chonsecho mnyamatayo anaganiza bwino lomwe. Anadziwa kuti akawonjezera yekha ngakhale K20 pa kilogalamu, ndalamayo adzaidula pa malipiro ake, mwinanso adzamuganizira kuti wagawana ndi alimi.

Manijala wina akananena motere: "Achimwene, tikufuna matani awiri pofika Lachisanu. Mtengo mukhoza kukweza mpaka apa osandifunsa, ukapitirira apo mundiyimbire, ndikapanda kupezeka muyimbire a msungichuma. Soya wonyowa kapena wa zinyalala musalandire, ngakhale mwini wake atakhala wa m'komiti. Madzulo aliwonse munditumizire chithunzi cha tsamba la buku pa WhatsApp." Mawu amenewa satenga mphindi ziwiri, koma muli zonse: chimene chikufunika, tsiku lake, malire a mphamvu, wofunsa zikavuta, ndi njira yoti mkulu aone mmene zikuyendera osaimirira pa sikelo. Taonaninso kuti sananene njira yoyendera, wolankhula naye koyamba kapena kayalidwe ka matumba. Zimenezo wasiyira mwini ntchito.

Mbali yachitatu ija siisuntha. Kalaliki amayankha kwa manijala, koma manijala amayankhabe kwa bodi ndi kwa mamembala. Sangakaime pa msonkhano waukulu wa pachaka n'kunena kuti "anali kalaliki uja." Mutu ukakula sulewa nkhonya. Apa ndi pamene pagona mantha a atsogoleri ambiri, ndipo ndi mantha omveka: munthu akupereka mphamvu kwa wina koma nkhonya zikabwera zifikira iye.

Komabe kufumbata zonse sikutheka, ngakhale kwa munthu wanzeru ndi wakhama chotani. Mu 1933, V. A. Graicunas, katswiri wa kayendetsedwe ka ntchito wochokera ku Lithuania, anasonyeza kuti mkulu sayang'anira anthu okha, amayang'aniranso maubale a pakati pawo: uyu ndi uyo akumvana bwanji, awiriwa akakhala pamodzi amamutenga bwanji wachitatu, ndi zina zotero. Mwa kuwerengera kwake, mkulu wa anthu 4 ali ndi maubale 44 oti awasamale, wa anthu 5 ali ndi 100, wa anthu 6 ali ndi 222. Ena amati masamuwa amakokomeza, poti si maubale onse amene amafuna mkulu tsiku ndi tsiku, ndipo akunena zoona. Koma chimene masamuwa akuloza n'choona: kuwonjezera munthu mmodzi pansi pako sikuwonjezera ntchito imodzi, kumaichulukitsa. N'chifukwa chake sukulu zathu za pulayimale zili ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu komanso akulu a zigawo za infanti, juniya ndi siniya. Maudindowa pa pepala alipo. Chofunika kufunsa n'chakuti mphunzitsi wa sitandade 3 akadwala, kodi mkulu wa chigawo angathe kusintha ndandanda ya maphunziro pomwepo, kapena ana akhala akusokosa mpaka ahedi abwere kuchokera kumsonkhano wa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a m'deralo?

Opita ku tchalitchi amaidziwa nkhani ya pa Eksodo 18. Mose ankakhala pansi kuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ataimirira momuzungulira. Mpongozi wake Yetero anamuuza kuti adzalema, iye pamodzi ndi anthuwo, n'kumulangiza kuti asankhe atsogoleri a anthu 1,000, a anthu 100, a anthu 50 ndi a anthu 10. Chimene alaliki ambiri amachidumpha n'chakuti atsogoleri amenewa sanali amithenga onyamula milandu kupita nayo kwa Mose. Ankaweruza okha, ikuluikulu yokha ndiyo inkafika kwa iye. Ngakhale kumudzi kwathu zili choncho. Mlandu wa mbuzi imene yadya chimanga cha eni ake umathera kwa nyakwawa, ukavuta ukwera kwa gulupu. Sufika kwa a Kaomba kapena a Lukwa, ndipo palibe amene amati ufumu wawo wachepa chifukwa cha zimenezo.

Nanga ngati nzeruyi tili nayo kale, n'chifukwa chiyani imathera pa khomo la ofesi?

Mbali ina ndi mbiri yathu. Kasungu ndi kwawo kwa Kamuzu Banda, ndipo ambiri kuno amamukumbukira ndi zinthu zooneka monga Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981. Koma kayendetsedwe kake ka boma kanali kofumbata. Patangopita milungu yochepa dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, nduna zake zinamudandaulira, mwa zina, kuti ankagamula zinthu zikuluzikulu osazifunsa, ankasunga maunduna angapo m'manja mwake, komanso ankazitchula pagulu kuti ndi anyamata ake. Mu Sepitembala chaka chomwecho Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo awo. Kuyambira pamenepo mpaka 1994, wogwira ntchito m'boma anaphunzira kuti kudikira mawu ochokera kumwamba ndiko kumasunga ntchito, nthawi zina ngakhale moyo. Amene anaphunzira zimenezo ndiwo anaphunzitsa ntchito mabwana a lero, ndipo chizolowezi sichitha ndi chisankho chimodzi.

Boma lenilenilo linayesa kusintha. Mu 1998 linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, kuti zinthu zambiri zizigamulidwa ku makhonsolo. Makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Ntchito zinatsikira ku makhonsolo msanga kuposa ndalama ndi mphamvu yolemba kapena kulanga antchito, zomwe zinatsalira nthawi yaitali ku Lilongwe. Ndi nkhani ya kalaliki wa soya yomwe ija, kungoti pa msinkhu wa dziko.

Mbali ina ndi ulemu wathu. Geert Hofstede wa ku Netherlands, pofufuza antchito a kampani ya IBM m'mayiko ambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1970, anaonetsa kuti mitundu ya anthu imasiyana pa mmene wamng'ono amavomerezera kutalikirana ndi wamkulu. Ife sitikusowa kafukufuku kuti tidziwe mbali imene tili. Mwana wolongosoka safunsa wamkulu kawiri, ndipo akakula amalowa nazo mu ofesi. Mukamufunsa kuti "mwamva?" adzayankha kuti "ndamva bwana" ngakhale wamva theka. Akagamula kanthu yekha amaopa kuti anzake anena kuti akudzimva, akufuna mpando wa abwana. Ulemuwu si woipa, ndipo sindikugwirizana ndi aphunzitsi a utsogoleri amene amafuna kuti tiziitana mabwana athu ndi maina awo oyamba ngati kuti pamenepo ndiye patuluka chitukuko. Koma mtsogoleri wodziwa anthu ake safunsa kuti "mwamva?" Amati, "Tandiuzani mmene muyambire mawa." Poyankhapo ndi pamene zimaoneka ngati mwamvana.

Palinso zifukwa zimene sitikonda kuzitchula. Msonkhano wa ku hotela uli ndi alawansi, ndiye abwana amapita okha ngakhale nkhani yake ndi ya kalaliki wa za ndalama, ndipo zimene aphunzira zimathera mu faelo. Ena amaopa kuti wachiwiri akadziwa zonse, iwo aoneka osafunika. Enanso anakwezedwa chifukwa anali akatswiri pa ntchito ya manja awo, mphunzitsi wokhozetsa ana, mlangizi wodziwa mbewu, ndipo zimawapweteka kuona wina akuichita pang'onopang'ono kapena mosiyana ndi iwo. Amalanda n'kuichita okha, kuiwala kuti ntchito imene akulipidwa tsopano ndi ina.

Koma chifukwa chachikulu, chimene mtsogoleri aliyense angakuuzeni mukakhala awiri, ndi kuba. "Ndikangomupatsa makiyi, feteleza atha." Izi sizoseketsa. Makoperative agwa, masukulu asowa mabuku, mashopu atsekedwa chifukwa cha wantchito wokhulupiriridwa. Funso ndi lakuti kodi kusunga makiyi onse munthu mmodzi ndiwo mankhwala ake.

Amayi a banki m'khonde anayankha kale funsoli. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991 ndipo lero ili m'midzi yambiri ya kuno, imagwiritsa ntchito bokosi la maloko atatu. Makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa munthu wina amene alibe kiyi, owerenga ndalama ndi enanso, ndipo limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Wapampando sasunga kiyi, sasunga bokosi, sawerenga ndalama, koma palibe amene amakayika kuti ndi wapampando. Chitetezo cha ndalamazo sichidalira kuti pakhale munthu mmodzi woyera mtima. Chimadalira kuti pasakhale munthu mmodzi wotha kuyamba ndi kumaliza chinthu payekha, popanda diso lina.

Owerengera ndalama za makampani amatsata mfundo yomweyo. Wopempha katundu asakhale yemwe akuvomereza, wovomereza asakhale yemwe akulipira, wolipira asakhale yemwe akuyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya ku banki. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ofufuza anapeza kuti anthu ankatha kulowetsa malipiro abodza m'makompyuta a boma a IFMIS, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zimene analowetsazo. Mabiliyoni anapita osati chifukwa mphamvu zinagawidwa kwa anthu ambiri, koma chifukwa anthu ochepa ankatha kuchita zonse, ndipo oyenera kuona sankaona.

Tikaziona chonchi, mkulu amene amasunga makiyi onse, chidindo, buku la macheke ndi nambala yachinsinsi ndiye amene wamanga ofesi yosavuta kubera. Ngati iyeyo ndi wokhulupirika, zili bwino mpaka tsiku limene adzadwale kapena kusamutsidwa, pamene wolowa m'malo mwake adzapeza dongosolo loti munthu mmodzi amachita zonse. Komanso amadziika yekha pa ngozi. Katundu akasowa, palibe wina womuchitira umboni. Mtsogoleri amene anagawa makiyi, wina wotulutsa katundu, wina wolemba m'buku, iye n'kumawerenga matumba mwadzidzidzi kamodzi pa mwezi, amagona tulo kuposa uja woyenda ndi mulu wa makiyi m'lamba. Kugawa mphamvu ndi kuyang'anira si adani. Amene amagawa bwino amayang'anira kwambiri, kungoti amayang'ana mabuku ndi zotsatira m'malo moimirira kumbuyo kwa munthu.

Sikuti mphamvu imaperekedwa yonse tsiku limodzi. Ili ndi masitepe. Poyamba mumauza munthu kuti akaone n'kudzakuuzani, inu mugamule. Akazolowera, akaone n'kubwera ndi maganizo ake a chochita. Kenaka achite koma akudziwitseni asanayambe. Pambuyo pake achite, adzakuuzeni atamaliza. Pomaliza zimakhala zake, inu mumangoona mu lipoti la pamwezi. Paul Hersey ndi Ken Blanchard, amene anafalitsa maganizo awo mu 1969, ankati palibe katsogoleredwe kamodzi koyenera aliyense, mtsogoleri azisintha malinga ndi mmene munthuyo wakhwimira pa ntchito imene wapatsidwa. Mawu ofunika apa ndi akuti pa ntchito imeneyo. Kapitawo wa pa esiteti akhoza kukhala katswiri wa nazale, woti simufunikanso kumuuza tsiku lofesa kapena kathiriridwe, koma pa kusankha fodya m'magiredi n'kukhala wongoyamba kumene. Mukamusiya yekha pa chigafa chifukwa choti nazale anaichita bwino, mabelo akabwezedwa ku okushoni ya ku Chinkhoma kaamba kosakaniza magiredi, mlandu ndi wanu. Mukamamulondalonda ku nazale chifukwa choti magiredi akumuvuta, mumutopetsa pachabe ndipo chaka chamawa apita kwa mnzanu. Atsogoleri ambiri amaika munthu pa sitepe imodzi pa zonse, mwina kumukhulupirira pa chilichonse kapena kusamukhulupirira n'komwe.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi kulengeza. Mukapatsa wachiwiri wanu mphamvu muli awiri m'ofesi chitseko chotseka, mwamupatsa theka. Mawa akauza dalaivala kuti anyamuke, dalaivalayo adzati "abwana sanandiuze." Nenani pamsonkhano wa antchito onse kuti kuyambira lero za galimoto ndi mafuta aziona ndi awa, ndipo munthu akabwera kwa inu mozemba ndi nkhani ya galimoto, mubwezereni komweko. Tsiku limene mudzagamule nkhani yotero inuyo, ngakhale mwachifundo, mphamvu ya wachiwiri uja yathera pomwepo, ndipo aliyense pa ofesi wadziwa njira yachidule.

Ntchito yogawidwa imathanso kubwerera yokha kwa mwini wake mosadziwika. William Oncken ndi Donald Wass analemba za zimenezi mu magazini ya Harvard Business Review mu 1974, ndipo anaziyerekeza ndi pusi wokhala pamsana. Wantchito akukumana nanu pakhonde n'kunena kuti, "Bwana, tili ndi vuto." Inu, poti mukufulumira, mukuti, "Chabwino, ndiona, ndikuuzani." Pamene mumakumana pusi anali pamsana pake. Pamene mukusiyana ali pamsana panu, ndipo mawa wantchito yemweyo abwera kudzakufunsani kuti, "Bwana, zija zili pati?" Tsopano iye ndiye akuyang'anira inu. Mukachita zimenezi ndi anthu asanu pa sabata, Loweruka mudzapezeka muli mu ofesi nokha pamene iwo ali ku mpira. Njira yake si kukana kuthandiza. Ndi kufunsa kuti, "Inuyo mukuona kuti tichite chiyani?" ndi kuonetsetsa kuti posiyana, chochita chotsatira chili kwa iye, ndi tsiku loti mudzaonanenso.

Kwathu kuno funso limeneli poyamba limaopsa. Wantchito amaganiza kuti mukumuyesa kapena mukumutchera msampha, ndiye amangoti "mmene mungaonere bwana." Pamafunika kupirira. Mukafunsa kangapo, n'kutsatiradi maganizo ake pamene ali abwino, ndi kunena pagulu kuti nzeruyi inachokera kwa iye, amayamba kubwera ndi mayankho. Mukangotenga maganizo ake n'kukawanena kwa a DC kapena ku bodi ngati anu, sadzabweretsanso ena.

Ndiye pali tsiku limene wopatsidwa mphamvu adzalakwitse, poti lidzafika ndithu. Apa ndi pamene zimadziwika ngati munagawadi. Pali kulakwitsa kwa munthu amene anagamula mkati mwa malire amene munamupatsa, koma zinthu sizinayende, monga kalaliki amene anagula soya pa mtengo wololedwa kenaka mtengo n'kutsika. Pali kulumpha malire mwadala, ndi kubisa. Ziwiri zomalizazi n'zofunika chilango. Koyambako ndi mtengo wa kuphunzitsa munthu, ndipo mkulu ayenera kuulipira yekha pamaso pa akuluakulu ake, n'kukambirana ndi wantchitoyo pambali. Mukamukalipira pagulu chifukwa cha chigamulo chimene munamulola kupanga, ena onse aona, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense azidzakufunsani ngakhale za kugula tsache.

Zilipo zosagawika. Kulanga kapena kuchotsa munthu ntchito, kuuza antchito nkhani yowawa monga kuchedwa kwa malipiro, kuyankha kwa bodi, ndi zonse zimene lamulo kapena malamulo a bungwe anena kuti asaine ndi wakuti, zimenezo ndi za mwini mpando. Chodabwitsa n'chakuti mabwana ena amachita mosemphanitsa. Amatuma wachiwiri kukauza anthu kuti malipiro achedwa, iwo n'kutsala akuwerenga mapensulo.

Wantchito nayenso ali ndi mbali yake, ndipo sayenera kungodikira kuti abwana adzasinthe. Mphamvu kawirikawiri imapita kwa amene amachepetsa mantha a mkulu wake. Munthu amene amapereka lipoti asanafunsidwe, amene amanena msanga zinthu zikayamba kupotoka m'malo modikira kuti zidziwike zokha, amene amabweza chenji ndi malisiti tsiku lomwelo, amapezeka akupatsidwa zambiri popanda kupempha. Ndipo polandira ntchito, kufunsa malire si mwano. Pali kafunsidwe kaulemu: "Bwana, kuti ndisakuvutitseni ndi mafoni, ndingafike pati pandekha, ndipo ndi ziti zimene mukufuna ndikufunseni kaye?" Mabwana ambiri sanaganizepo za funso limeneli, ndipo poliyankha ndi pamene amagawa mphamvu koyamba.

Zina mwa izi zimafuna mapepala, ndipo mapepala amatenga nthawi. Kuti wachiwiri athe kusaina ku banki pamafunika chigamulo cha komiti kapena bodi cholembedwa m'maminitsi, kalata yopita ku banki, ndi kuti iyeyo akaonekere ndi chiphaso chake. Mabungwe ambiri amaika osaina atatu, awiri aliwonse mwa iwo n'kukhala okwanira kutulutsa ndalama, kuti mmodzi akachoka ntchito isaime komanso pasakhale wotulutsa yekha. Mkulu akamachoka kwa masiku angapo, kalata yaifupi yonena amene akugwirizira mpando, zimene angasaine ndi zimene zidikire, iikidwe pa bolodi pomwe aliyense angaione. Kwa koperative kapena esiteti, nthawi yokonza zonsezi ndi miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, misika isanatsegulidwe. Ikafika Epulo, mabelo ayamba kupita ku okushoni ndipo mavenda amwazika m'midzi, palibe amene amakhala ndi mpata wokhala pa mzere ku banki kusinthitsa siginecha.